Phunziro la Zaumoyo: Mankhwala a Chilungulira Ali ndi Tsiku Losiyira

Ambiri a ife timayenda ndi omeprazole kapena magnesium m'chikwama. Chilungulira chikangoyamba timameza, mnzathu akadandaula timamugawira. Ife amene tinagwirako ntchito ya unamwino taona amayi akumwa mankhwalawa zaka ziwiri osaonananso ndi dokotala. Tiyeni tiphunzire mfundo zinayi.

1. Ntchito yake. Omeprazole amachepetsa asidi m'mimba kuti chilonda chipole. Kawirikawiri dokotala amalemba kapisozi mmodzi wa 20mg patsiku, m'mawa tisanadye, kwa masabata 4 mpaka 8. Tikamalandira, tifunse kuti, "Ndidzasiya liti?"

2. Gwero la vuto. Mu 1982 madokotala a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anapeza kachilombo ka Helicobacter pylori kamene kamayambitsa zilonda zambiri za m'mimba. Omeprazole payekha sakapha, pamafunikanso mankhwala ena olembedwa ndi dokotala. Nawo mankhwala a ululu monga Brufen, Indocid ndi aspirin amabweretsa zilonda. Ife odwala mawondo ndi msana tichenjere.

3. Kuopsa kopitiriza. Kumwa omeprazole zaka zambiri kukhoza kufooketsa mafupa, komanso kubisa matenda aakulu. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri. Ngati nsima kapena mbalagha ikukanirira pakhosi, ngati tikuonda, kusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, tisagule kapisozi wina. Tipite msanga kuchipatala cha Karonga, Chilumba kapena Kaporo.

4. Kasiyidwe. Amene wamwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi, asidi amabwerera mwamphamvu kwa masiku angapo, ndipo amaganiza kuti matenda ayambiranso. Dokotala akhoza kutiuza kuchepetsa pang'onopang'ono. Koma amene anauzidwa kupitiriza, monga amene chilonda chinatulukapo magazi, asasiye yekha.

Alongo athu a ma ARV amuuze dokotala asanamwe mankhwalawa. Omeprazole sagwirizana ndi atazanavir, ndipo magnesium amafooketsa dolutegravir akamwedwa nthawi imodzi.

Kunyumba tidye chamadzulo msanga, tisagone titangodya kumene, ndipo tikweze kumutu kwa bedi.

Mafunso okambirana pagulu
(a) Ndani m'nyumba mwathu wamwa mankhwalawa kupitirira miyezi iwiri?
(b) Ndani wa ife amperekeze kuchipatala mwezi uno?