Ndelema ndi abale ake: mafunso a nyengo ya bowa ku Machinga

Kodi ndelema ndi bowa wotani?
Ndi uja wamkulu, woyera, woderako pakati, woterera mvula ikagwa, amene amayi amagulitsa m'mbale m'mphepete mwa msewu wa Liwonde kupita ku Zomba kuyambira mu Disembala. Abemba amati tente, Ashona amati nhedzi. Akatswiri David Pegler ndi Graham Piearce anamutcha Amanita zambiana mu 1980.

Bwanji sitimulima ngati bowa wa m'mashedi?
Moyo wake uli pa mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo. Bowa amapatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka, mtengo n'kumupatsa shuga. Choncho thumba lililonse la makala lotuluka m'nkhalango ya Liwonde likuchepetsanso ndiwo za m'dzinja, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Nanga si mtundu wa Amanita uli ndi bowa wakupha?
Inde. Woopsa kwambiri ndi Amanita phalloides wa ku Ulaya, amene anafika ku South Africa pamodzi ndi mitengo yobwera. Wina wa poizoni ndi Amanita muscaria, wofiira wamadontho oyera, womera pansi pa mitengo ya paini ngati ya pa phiri la Zomba. Vuto ndi lakuti ndelema ndi phalloides onse amaphulika ngati dzira n'kusiya kathumba patsinde. Kathumbako si umboni wakuti bowa ndi wabwino.

Kuwiritsa kapena kufutsa sikuchotsa poizoni?
Wa phalloides sachoka ayi, ngakhale muyanike padzuwa.

Bowa wodyedwa ndi nkhono kapena tizilombo, munthu angadye?
Musayese. Thupi lawo ndi lathu n'zosiyana.

Ndiye tidalire chiyani?
Maso a amayi amene akhala akuzula bowa m'tchire lomwelo kuyambira ali atsikana. Amene iwo amutcha chirombo, musiyeni. Mukasamukira dera lina, yambaninso kufunsa, ndipo ana asamazule okha.

Munthu akadwala atadya bowa, tichite chiyani?
Kusanza ndi kutsegula m'mimba kumene kwayamba patapita maola 6 mpaka 24 ndiko koopsa zedi. Wodwala amaoneka ngati wachira kwa tsiku limodzi, pamene chiwindi chikuwonongeka. Kuchokera ku Chiuta kufika ku chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde ndi mtunda, makamaka misewu ikaterera, ndiye musadikire kuti kuche. Pitani ku chipatala chapafupi, ku Nayuchi kapena ku Ntaja, ndi onse amene anadya nawo, mutanyamula bowa wotsala.