Kuphunzitsa Mawu a Chingerezi Onena za Nthumanzi ndi Mayendedwe Osakhazikika

Mwana wa Sitandade 8 akalemba kuti "The drunkard was limping home," ambiri a ife timangochonga, poti galamala yake ili bwino. Komatu mwanayo wanena zimene sadafune kunena. M'maganizo mwake munali chidakwa choyenda dzandidzandi, koma papepala waika munthu wotsimphina. Cholakwa chotere chimachokera kwa ife aphunzitsi, amene timalemba mawu a Chingerezi pamndandanda, lililonse ndi tanthauzo limodzi la Chicheŵa pambali pake.

Taonani mneni wathu uja wakuti kunjenjemera. Timanjenjemera ndi chisanu cha mu June, ndi malungo, ndi mantha, ngakhale ndi ukalamba. Chingerezi chimasankha liwu potsata chochititsa. "Shiver" ndi kunjenjemera kwa kuzizidwa kapena kwa malungo. "Tremble" ndi kwa mantha, mkwiyo kapena kufooka, makamaka m'manja, m'miyendo ndi m'mawu. "Shudder" ndi kugwedezeka kwa thupi lonse kwa kanthaŵi kochepa, monga munthu akaona chonyansa. "Quiver" ndi kunjenjemera kwapang'ono, ngati mlomo wa mwana amene watsala pang'ono kulira.

Pa mayendedwe pali "limp", kutsimphina, "stagger", kudzandira, "stumble", kupunthwa mpaka kutsala pang'ono kugwa, "totter", mayendedwe a mwana amene akuphunzira kumene kuyenda, ndi "wobble", kugwedera kwa tebulo la mwendo umodzi waufupi. Tiwathandize ana kuona kuti ambiri mwa aneni ameneŵa amatha ndi -er kapena -le, ndipo amanena za chinthu chochitika mobwerezabwereza, monga momwe ife timabwerezera tsinde mu kuyendayenda. Koma "jerk", "twitch" ndi "lurch", a phatikizo limodzi, amanena za kusuntha kwadzidzidzi: kukoka chingwe mwamphamvu kamodzi, kugwedezeka kwa chikope, kupendekeka kwa basi ikagunda dzenje. Ili si lamulo losasweka, pakuti "limp" naye ndi wamfupi. Ndi chothandizira kukumbukira chabe.

Tsono za mumtima. "Nervous", lochokera ku liwu la Chilatini lakuti "nervus", ndiye kuti mtsempha, silifanana ndi "afraid". Wokumana ndi njoka panjira ali "afraid"; wodikira mayeso a maŵa, mtima uli phaphapha, ali "nervous". Kumeneku ndiko kuchita nthumanzi. "Jumpy" ndi munthu wodzidzimuka ndi kalikonse. "Fidget" ndi kusakhazikika pampando, kuseŵeretsa cholembera kapena batani la malaya. "Jittery" ndi liwu la pocheza, losayenera m'kalata yofunsira ntchito.

Nanga tiphunzitse bwanji? Pa phunziro limodzi tisapitirire mawu anayi. Poyamba tichite ife eni chimene liwulo likunena, ana akuonerera. Kenaka tiwafunse mvekero yake m'Chicheŵa. Iwo adzati njenjenje, gwedegwede, dzandidzandi. Mvekero imajambula kachitidwe bwino kuposa mneni, motero ndiyo mlatho wathu. Pamenepo titchule liwu la Chingerezi m'chiganizo chosonyeza chochititsa, monga "The baby is shivering because the water is cold." Potsiriza ana apange ziganizo zawo, chilichonse chokhala ndi "because". Pokonzekera, dikishonale ya ophunzira ya Oxford, imene adaiyamba A. S. Hornby, itithandiza chifukwa imapereka ziganizo za chitsanzo.

Tichenjere ndi chinthu chimodzi. M'kalasi mungakhale mwana wolumala mwendo, kapena amene amagwa khunyu. Tikalola anzake kuyesezera kutsimphina kapena kuphupha, phunziro lisanduka chitonzo, ndipo mwanayo akhoza kuleka sukulu. Pa "limp" tisimbe za wampira amene wabinya phazi, ndipo woyesezera akhale mphunzitsi yekha.

Posachedwa mudzaima pamaso pa ana kwa nthaŵi yoyamba, choko chikunjenjemera m'dzanja lanu. Musachite manyazi. Auzeni kuti "I am nervous today," ndipo muwaonetse dzanjalo. Liwu limenelo sadzaliiŵala.