Khonsolo ya Bulawayo ndi Vuto la Madzi

Mzinda wa Bulawayo uli m'dera limene mvula imagwa yochepa chikhalire. Masiku ano, chifukwa cha kusintha kwa nyengo, kukutentha kwambiri kuposa kale, ndipo mvula imachedwa kuyamba kapena kudula msanga. Madzi a mumzindawu amachokera m'madamu asanu ndi limodzi: Insiza, Inyankuni, Umzingwane, Mtshabezi, Upper Ncema ndi Lower Ncema. Kukagwa chilala, ena mwa madamuwa amaphwa mpaka kuleka kupopamo madzi.

Udindo wofikitsa madzi m'makomo ndi wa khonsolo ya mzinda, imene makhansala ake amasankhidwa ndi anthu. Madzi akachepa, khonsolo imatseka mipope mosinthanasinthana: dera lina limatunga lero, lina mawa. Imalandiranso madzi apansi pa nthaka ochokera ku mijigo ya ku Nyamandlovu, ndi kutumiza galimoto zonyamula madzi kumadera okwera kumene madzi safika.

Kutseka mipope kumabala vuto lina. Madzi akamayenda ochepa, zonyansa zimauma ndi kutseka mapaipi ochokera m'zimbudzi. M'chaka cha 2012, khonsolo inapempha mabanja onse kuti azigejemula zimbudzi zawo nthawi imodzi, 7:30 madzulo, kuti madzi ochuluka akokolole zonyansazo. Anthu ambiri, ngakhale a kumaiko akutali, anaseka atamva nkhaniyi. Komatu nzeruyo inali yabwino, ndipo inafunika kuti aliyense achitepo mbali yake.

Chaka cha 2020 chinali chowawa. Mipope inkatsekedwa maola 144 pa sabata, amene ndi masiku asanu ndi limodzi. Ku Luveve kunabuka matenda otsekula m'mimba amene anapha anthu oposa khumi, ena mwa iwo ana. Mpope ukakhala wouma masiku ambiri, madzi oipa amalowa m'mapaipi akale ong'aluka. N'chifukwa chake madzi oyamba kutuluka sayenera kumwedwa asanawiritsidwe.

Ntchito zina zimaposa mphamvu za khonsolo. Damu la Gwayi-Shangani, limene anthu a ku Bulawayo aliyembekezera zaka zambiri, ndi ntchito ya boma lalikulu.

Mafunso
1. Tchulani madamu atatu amene amapereka madzi ku Bulawayo.
2. N'chifukwa chiyani khonsolo inapempha anthu kugejemula zimbudzi nthawi imodzi?
3. Funsani agogo anu mmene ankasungira madzi m'chaka cha chilala cha 1992, ndipo mudzafotokozere anzanu m'Chichewa.