Makolo Sanatumize Fomu ya Msonkho: Nanga FAFSA Itheka?

Ndinatha milungu itatu ndikungoyang'ana funso limodzi pa FAFSA, fomu imene timadzaza kuno ku America pofuna thandizo la boma la fizi. Funsolo linali la msonkho wa makolo. Bambo anga amadzilemba okha ntchito yonyamula katundu, ndipo za chaka cha 2023 sanatumize kalikonse ku IRS. Ndinkaona ngati uphunzitsi wanga wathera pomwepo.

Ngati simunafike zaka 24, simuli pabanja ndipo mulibe mwana amene mukumusamalira, nthawi zambiri boma limakuwerengani kuti mukudalira makolo, ngakhale lendi mumalipira nokha. Komanso FAFSA imabwerera m'mbuyo zaka ziwiri: ya 2025-26 imafunsa ndalama za 2023.

Funso lenileni ndi lakuti: kodi makolo anu ankayenera kutumiza fomuyo? Mu 2023, banja la anthu osafika zaka 65 lotumiza fomu limodzi silinkakakamizidwa ngati linapeza ndalama zosakwana $27,700. Ngati kwanu zinali choncho, mtima m'malo. Amangosonyeza kuti sanatumize, ndipo wophunzira wotere amayenera kulandira Pell Grant yonse, $7,395, ndalama yosabweza. Koleji ikafuna umboni, ingapemphe chikalata chosainidwa, mafomu a W-2, kapena kalata ya IRS imene imapemphedwa ndi fomu 4506-T.

Ife tinagwa pena. Munthu wodzilemba yekha ntchito akapindula $400 yokha pachaka, lamulo limati atumize. Ofesi ya thandizo la ophunzira ikaona kuti kholo linkayenera kutumiza koma silinatero, siingatulutse ndalama mpaka nkhaniyo itakonzedwa. Njira yake ndi kutumiza ngakhale mochedwa. Bambo ankaopa kuti akawamanga. Ndinawauza kuti, "Bambo, tiyeni tikangofunsa kaye." Tinapita limodzi kwa munthu wodziwa za misonkho, anatumiza, analipira chindapusa cha kuchedwa, nkhani n'kutha. Palinso pulogalamu ya IRS yotchedwa VITA, imene imathandiza mwaulere anthu opeza zochepa, ngakhale kuti za bizinezi sikuti amazilandira zonse.

Chimene chimakola ambiri ndi ichi: kuyambira FAFSA ya 2024-25, kholo liyenera kutsegula akaunti yakeyake pa StudentAid.gov n'kuvomereza kuti IRS ipereke mbiri yake ya msonkho, ngakhale silinatumizepo fomu. Popanda chilolezocho, thandizo la boma palibe. Kholo lopanda nambala ya Social Security likhoza kutsegula akauntiyo. Makolo okhala kunja, mwachitsanzo ku Malawi, amalemba zimene anapeza atazisintha kukhala madola. (Anzathu a viza ya F-1 pepani, FAFSA ndi ya nzika ndi ena monga a green card, inu funsani za masikolashipu a koleji.)

Nanga makolo akakaniratu? Apa ine ndimaona kuti lamulo ndi louma mtima. Kukana kwawo sikukusandutsani wodziimira panokha; zimenezo amalolera pa nkhani zazikulu monga nkhanza kapena kutayidwa ndi makolo. Chimene ofesi ingakuloleni ndi ngongole ya Direct Unsubsidized yokha, $5,500 chaka choyamba, ndipo chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa mukadali m'kalasi. Pitani ku ofesiyo semesita isanayambe, mukafunse mapepala amene akufuna kuti makolo asaine.