Phunziro: Kuyeza BP Pakhomo

Werengani 1 Akorinto 6:19-20.

Amayi okondedwa, BP imatha kukwera munthu osamva kupweteka paliponse, mpaka kudzagwa ndi sitiroko. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa 2009 adapeza kuti mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi ali ndi vutoli. Kamakina koyezera kamathandiza, koma tikayeza molakwika kamatinamiza.

1. Musayeze mutangobwera kothyola tiyi kapena kotunga madzi. Khalani pampando mphindi 5.
2. Mukamwa tiyi, dikirani mphindi 30, chifukwa tiyi amakweza BP kwa kanthawi.
3. Yambani mwataya madzi.
4. Tsamirani msana, mapazi pansi, mkono pathebulo molingana ndi mtima. Musalankhule.
5. Yezani kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo lembani manambala m'kope.

Manambala akamafika 135/85 kapena kuposa kwa masiku angapo, pitani ndi kopelo kukiliniki ya paesiteti kapena kuchipatala cha boma cha Thyolo. Woyembekezera apite tsiku lomwelo. Musasiye mankhwala poona kuti BP yatsika.

Tikambirane: Kodi gulu lathu lingasonkhe bwanji ndalama zogulira kamakina kamodzi koyendera nako okalamba?