Kosakira njiwa ndi zinziri: phunziro kwa oyamba kumene

Sabata ino tisiya kaye za feteleza ndi nkhokwe, tikambe za ndiwo youluka. Chimanga chikangochoka m'munda mu Epulo ndi Meyi, anyamata ambiri kuno ku Chiradzulu amayamba kusema malegeni. Ngakhale akuluakulu ena amafunsa kuti kodi munthu woyamba kumene angakazipeze kuti njiwa ndi zinziri popanda kuyambana ndi anansi, kapena kugwidwa ndi a boma.

Choyamba chimene muyenera kudziwa ndi ichi: m'boma lino mulibe tchire lopanda mwini. Chiradzulu ndi boma laling'ono, koma pa kalembera wa 2018 mudapezeka anthu oposa 350,000. Tsono kathengo kalikonse komwe mukukaona, kaya ndi ku Mbulumbuzi, ku Thumbwe kapena ku Namitambo, kali ndi wokayang'anira.

Ena amati malo a boma ndi a aliyense, choncho amalunjika kuphiri. Kumeneko nkulakwa. Nkhalango ya phiri la Chiradzulu ndi yotetezedwa, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 sililola kusakamo popanda chilolezo. Malo a maesiteti nawonso ali ndi eni ake ndi alonda awo. Kumanda ndiye musayerekeze. Inde njiwa zimagona kumeneko chifukwa ndi komwe kwatsala mitengo ikuluikulu, koma mwala wa legeni ukangogwera m'manda, mlandu wake ukathera kubwalo la mfumu.

Otsala ndi malo a m'mudzi: madambo odyetsera ziweto, masala, m'mphepete mwa mitsinje ndi minda yokololedwa. Amenewa ndiwo malo anu, koma safunsa adadya phula. Za dambo kaonaneni ndi a nyakwawa. Za munda kapempheni kwa mwini wake. Inu akamwini musaiwale kuti kuno minda yambiri ili m'manja mwa amayi ndi a mwinimbumba, ndiye kukhala pamudzi zaka 10 sikukupatsani mphamvu yotchera misampha m'tsala la apongozi osawauza. Wopempha mwaulemu sakanizidwa kawirikawiri, makamaka kwa mlimi amene njiwa zikumuthera mapira.

Mukaloledwa, musathamangire legeni. Tsiku loyamba ndi lachiwiri pitani chimanjamanja, mukangoyang'ana.

Njiwa imafuna zinthu zitatu: chakudya, madzi ndi mtengo woterapo. Imadya njere zogwa pansi, monga za mapira, mawere, mpendadzuwa, misere ya chimanga ndi mbewu za udzu. Imakonda pansi poyera, osati m'thengo lowirira, chifukwa miyendo yake ndi yaifupi ndipo sipalasa ngati nkhuku. Nchifukwa chake mumaipeza pamalo pomwe padali mkukwe, popunthira mapira kapena nandolo, ndi m'njira za ngolo momwe imatola timiyala togayira chakudya m'nthutumba. Pakudya njere zouma chotere imayenera kumwa madzi tsiku ndi tsiku. M'chilimwe, timitsinje tikauma nkutsala zithaphwi m'mitsinje ngati Mombezi, njiwa za dera lonse zimasonkhana pamadzi ochepawo m'mawa ndi chakumadzulo dzuwa litapendeka. Sifikira pamadzi ayi. Imayamba yatera panthambi youma kapena pamsonga ya bulugama, nkuyang'ana uku ndi uku, kenaka nkutsika. Mukaudziwa mtengo umenewo ndiye kuti mwapeza malo anu. Pansi pake mudzaona zitosi ndi nthenga. Khalani pamthunzi, dzuwa lili kumsana kwanu, ndipo musamayendeyende.

Zinziri ndi nkhani ina. Iyi ndi mbalame ya pansi, yokonda udzu wofika m'mawondo, m'masala ndi m'malire a dambo ndi munda. Ikaopsezedwa imabisala kapena kuthamanga, ndipo imauluka pokhapokha mwatsala pang'ono kuiponda. Imapezeka ndi khutu. Dzukani m'mamawa mumvetsere komwe ikulira, kenaka kafuneni timaenje m'fumbi momwe imasamba. Zinziri zambiri zimabwera ndi mvula nkudzasamukanso, kotero chaka china zimachuluka, chaka china osaoneka nkomwe. Zimaikira pansi m'udzu nthawi ya dzinja. Imeneyo si nthawi yosaka. Dikirani udzu uyambe kuuma, anapiye atakula.

Njiwa yokha imaswa pafupifupi nyengo iliyonse, ndipo imaikira mazira 2 basi. Yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa masabata ngati 2, ndipo zonse zimadyetsa maunda. Mukapha imodzi pachisa mwapha chisa chonse. Mtengo wa chisa usiyeni.

Tsopano za zida. Lamulo loteteza nyama zakutchire la 1992, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kusaka ndi moto kapena poizoni. Wofuna kugwiritsa ntchito mfuti ayenera kukhala ndi chiphaso cha mfutiyo kuchokera kupolisi, komanso chiphaso chosakira mbalame kuchokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Kunena zoona, m'dera lomwe nyumba zili pafupipafupi chonchi, amayi ali kumadimba ndipo ana akuweta mbuzi, ife sitiona pomwe munthu angaombere mfuti mtima uli m'malo. Ulimbo ndi makhwekhwe nazo sizisankha. Zimagwira mbalame zotetezedwa, zodya mbozi m'munda mwanu, ngakhalenso nkhunda ndi anapiye a anansi. Musanatchere, kafunseni alangizi a za nkhalango kuboma kuti akuuzeni zololedwa.

Pa za poizoni tiyenera kunenetsa. Alipo ena amene amaviika mpunga kapena misere mu temeki kapena mankhwala opopera mbewu, nkumwaza pamadzi. Mbalame zimagwa zambiri, inde, koma mankhwalawo satha ndi kuwamba. Amafika mumphika, amapha agalu ndi nkhuku, ndipo amatsalira pomwe mbuzi ndi anthu akumwa. Inu ogula mbalame zootcha pamsika, funsani kuti zagwidwa bwanji. Anansi athu Achisilamu amadya yokhayo yomwe yazingidwa ili yamoyo, choncho ngati mukufuna kugawana nawo, yofera pamsampha musawapatse.

Amene akufuna zinziri chaka chonse angachite bwino kuweta. Zoweta zija ndi mtundu wochokera ku Japan. Zimayamba kuikira zikakwana masabata 6 mpaka 8, ndipo mazira ake amaswa pakatha masiku 17 kapena 18. Vuto lake nlakuti sizikonda kufungatira, ndiye pamafunika makina oswetsera, kapena thadzi laling'ono lofatsa lomwe silingaphwanye mazirawo.