Musafulumire kutonthoza

Inu amene mwangomaliza maphunziro a uphungu ku koleji ya St John of God kuno ku Mzuzu, kapena mwabwera ndi digiri ya psychology kuchokera ku Zomba, tamverani zomwe zinanditengera zaka kuti ndizimvetse.

Nditangoyamba ntchito, kunabwera mayi wina wogulitsa tomato mumsika. Usiku ankadzuka mwina kakhumi kukaona ngati mbaula yazimadi, poopa kuti nyumba ipsa ana ali m'tulo. Ankandifunsa kuti, "Adokotala, kodi sindidzapha ana anga?" Ine ndi mtima wonse ndinkati, "Ayi mayi, palibe chingachitike." Ankatuluka nkhope itawala. Sabata yotsatira uyo wabweranso, funso lomwe lija, tulo tachepa kuposa kale. Ndinali nditasanduka mbaula ina yoti azikaiona.

Awa anali matenda a OCD, ndipo amayenda motere. Ganizo loopsa limalowa popanda odi, mtima umakwera, munthu amachita kanthu kuti utsike: kusamba m'manja, kugwedeza loko, kubwereza pemphero mpaka limveke bwino. Mtima umatsikadi, koma kwa kanthawi, ndipo ubongo umakhulupirira kuti kanthu kaja ndi kamene kamupulumutsa. Mawu anu otonthoza amalowa m'gulu lomweli. Mu 1966, Victor Meyer ku London anaonetsa njira yomwe timadalira mpaka lero: wodwala ayandikire chimene amaopa, koma asachite kanthu kake kaja, mpaka aone yekha kuti mantha angawapirire ndipo amaphwa okha. Yambani ndi chopepuka, mugwirizane sitepe iliyonse. Musamukakamize, musamupusitse. Ndi ntchito yowawa. Munthu akunjenjemera pamaso panu, mawu omuziziritsa mtima muli nawo pakamwa, koma muyenera kuwameza n'kungokhala naye pomwepo.

Dziwaninso kuti palibe adzabwere n'kunena kuti ali ndi anxiety. Adzati, "Ndikuganiza kwambiri," "Mtima ukuthamanga," kapena "BP yakwera." Ayambe wayezedwa m'thupi. Ndipo phunzirani Chitumbuka. Agogo ochokera ku Ekwendeni mantha awo sangawafotokoze bwino m'chilankhulo chobwereka.

Ambiri amafika atadutsa kale kwa aneneri kapena kwa asing'anga a vimbuza. Musawaseke. Mnyamata amene mawu onyoza Mulungu amamubwerera m'mutu ali pakati pa mapemphero amakhulupirira kuti ali ndi chiwanda, ndipo amatha zaka osauza munthu. Muuzeni momveka bwino kuti maganizo achilendo amabwerera pafupifupi aliyense, ndipo kunyansidwa nawo kwakeko n'chizindikiro choti si zofuna za mtima wake. Mufotokozereni mpaka amvetse, koma akayamba kufunsa zomwezo tsiku ndi tsiku, zindikirani kuti akufunsa ndi matendawo. Ena amafunikanso mankhwala monga fluoxetine. Gwirani ntchito limodzi ndi owalemba, ndipo muchenjeze wodwala kuti amatenga masabata angapo asanayambe kuthandiza.

Mayi uja ndinamupepesa. Tinaitana amuna ake, amenenso ankadzutsidwa kuti atsimikize za moto, n'kugwirizana kuti asamayankhenso. Usiku woyamba mayiyo anaona mbaula kamodzi n'kukagona, maso ali gwa mpaka tambala woyamba. Anabwera atakwiya nane. Patapita miyezi iwiri anandiuza kuti wachedwa kukapikula tomato chifukwa anagonereza.